Chisoso: udzu wovutitsa m'munda umene uli ndiwo yothandiza m'thupi

Mvula yoyamba ikangogwa, chisoso sichichedwa kumera. Mudzachipeza m'mizere ya chimanga, m'munda wa mtedza, m'mphepete mwa njira, kuseri kwa khola ngakhalenso m'tauni pamalo pamene palibe wosesa. Mlimi amene wagwira khasu amachiona ngati mdani. Mayi amene akusowa ndiwo m'mwezi wa Januwale amachiona ngati mpulumutsi. Onse awiri akunena zoona.

Masiku ano chisoso chalowanso m'mafoni. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga akuti chimachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda ena ambirimbiri. Nkhani ino ikufotokozerani chimene chisoso chili, phindu limene thupi lanu lingapeze mukachidya, malo amene simuyenera kuchithyola, komanso malire ake pa nkhani ya mankhwala.

Chisoso n'chiyani?

Dzina lake la sayansi ndi Bidens pilosa, ndipo pa Chingerezi amati blackjack. M'madera ena a dziko lino amachitchula kuti kanzota. Mukaoloka chipata cha Mchinji n'kufika ku Chipata m'dziko la Zambia, mudzamva ambiri akuti kanunka. Ngakhale kuti tinachizolowera ngati chathuchathu, kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo kuchokera kumeneko chinafalikira m'mayiko otentha pafupifupi onse.

Chisoso chili m'banja limodzi ndi mpendadzuwa komanso ndiwo ina ya m'munda ija timati mwamunaaligone. M'banja lomweli mulinso chomera chotchedwa dandelion, chimene mwina munachionapo pa intaneti chikutsatsidwa ngati tiyi wa zitsamba. Ku Ulaya ndi ku America anthu amawononga ndalama kupha dandelion pa kapinga wa pakhomo, pamene anzawo akudya masamba ake ndi kukazinga mizu yake kuti amwe m'malo mwa khofi. Mbiri ya dandelion kumeneko ndi yofanana ndi ya chisoso kuno: chomera chimodzi, ena akuchizula, ena akuchiphika. Choncho musadandaule kuti mulibe ndalama yogulira tiyi wa m'paketi wochokera kunja. Mbale wake wa dandelion ali kuseri kwa nyumba yanu.

Momwe mungachizindikirire

Safunsa anadya phula. Musanathyole, onetsetsani zinthu izi.

Tsinde la chisoso si lobulungira. Mukaligwira mumamva kuti lili ndi ngodya zinayi. Masamba amatuluka awiriawiri moyang'anizana, ndipo tsamba lililonse nthawi zambiri limagawikana patatu kapena pasanu, m'mbali mwake muli timano ngati ta sowo. Duwa lake ndi laling'ono, lachikasu pakati, nthawi zina lozunguliridwa ndi timasamba toyera. Likauma pamatsala njere zakuda, zazitali ngati singano, zokhala ndi timinga tiwiri mpaka tinayi kunsonga. Timinga timeneti nditimene timakola chitenje, sokosi, buluku ndi ubweya wa galu kapena mbuzi.

Vuto limabwera pothyola mofulumira kapena potuma ana, chifukwa masamba a zomera zina amatha kulowa m'dengu. Choopsa kwambiri ndi chomera chotchedwa Datura, chimene chimakonda malo achonde monga pakhola lakale ndi padzala, pamene bonongwe ndi chisoso zimakondanso. Chikakula chimakhala ndi maluwa oyera onga lipenga ndi chipatso chaminga, ndipo masamba ake amanunkha moipa mukawafikisa. Munthu akadya Datura amauma kukamwa, mtima umagunda mofulumira, maso saona bwino ndipo amabwebweta. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala. Posadzula ndiwo, tayani tsamba lililonse limene simukulidziwa.

Chifukwa chake alimi amadana nacho

Boma la Mchinji, lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, limadziwika ndi ulimi wa chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Mbewu zonsezi zimalimbana ndi chisoso, kaya ndi ku Mkanda, ku Kapiri, ku Kamwendo kapena ku Waliranji.

Tsinde limodzi la chisoso litha kubala njere zoposa 3,000, ndipo njerezo zimatha kukhala m'dothi zaka zingapo zisanafe. Zimamera bwino zikakhala pamwamba pa dothi pamene pali kuwala, n'chifukwa chake mukangogalauza kapena kupalira, zina zimatulukanso. Chikamera chimakula msanga n'kuyamba kulanda madzi, kuwala ndi feteleza amene munagula modula. Masabata asanu ndi limodzi oyambirira ndi amene chimanga chimapwetekeka kwambiri ndi udzu, choncho kuchedwa kupalira nthawi imeneyi kumachepetsa zokolola.

Chisoso chimasunganso timinyongolotsi ta m'dothi timene timatupitsa mizu ya fodya ndi tomato, komanso kachilombo kena kamene kamafotetsa tomato. Mlimi amene wasiya chisoso chambiri pafupi ndi nazale akuweta adani a mbewu zake.

Njira yabwino yochigonjetsera ndi kuchizula chisanachite maluwa. Apa ndi pamene zofuna za mlimi ndi za wophika zimakumana, chifukwa chisoso chokoma ndi chanthete, chimene sichinachite maluwa. Mukathyola nsonga zake lero n'kupalira mawa, mwapeza ndiwo komanso mwateteza munda.

Chimene thupi lanu limapeza

Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa kudya zakudya za magulu asanu ndi limodzi tsiku lililonse: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nalo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Chisoso chili m'gulu la masamba obiriwira kwambiri, ndipo sichifuna mbewu, feteleza kapena kuthirira.

M'masamba ake muli michere imene thupi limasandutsa vitamini A, amene amathandiza maso, khungu ndi chitetezo cha m'thupi. Mulinso vitamini C, ayironi wothandiza kupanga magazi, kashiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano, komanso timaulusi timene timathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino.

Izi n'zofunika chifukwa cha mmene zinthu zilili m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osapitirira zaka zisanu anali opinimbira, ana 63 mwa 100 a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi magazi ochepa, ndipo mayi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 analinso ndi vuto lomweli. Mchinji, ngakhale ndi boma lokolola kwambiri, linali pakati pa maboma amene ana opinimbira anali ochuluka kuposa chiwerengero cha dziko lonse. Zimenezi zikusonyeza kuti nkhokwe yodzaza chimanga payokha sikwanira. Mwana amafuna zakudya zakasinthasintha.

Chisoso sichili chokha. Bonongwe, amene ku Zambia amati bondwe, luni, amene ku Chipata amati suntha, denje ndi mwamunaaligone zonse zimamera zokha m'munda nthawi ya dzinja. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chimachepa m'makomo ambiri ndipo mitengo ya ndiwo imakwera, ndi imenenso masamba amenewa amachuluka.

Kaphikidwe kosunga michere

Thyolani nsonga ndi masamba anthete. Masamba okhwima amawawa ndipo amalimba.

Tsukani kaye musanadule. Mukadula kenako n'kutsuka, michere ina imapita ndi madzi. Gwiritsani ntchito madzi aukhondo, a pamjigo kapena othira klorini, ndipo tsukani kawiri kapena katatu mpaka mchenga utatha.

Phikani ndi madzi ochepa, mphika uli wovundikira, kwa nthawi yochepa. Masamba akafika posanduka akuda ndiye kuti apsa mopitirira. Anthu ambiri amataya madzi oyamba kuti achotse kuwawa. Zimenezi zimathandizadi pa kakomedwe, koma vitamini C wambiri amatayika ndi madziwo. Ngati chisoso chili chanthete, palibe chifukwa chotayira madzi. Mukafuna kuchepetsa kuwawa, sakanizani ndi bonongwe kapena nkhwani.

Pewani soda ndi chidulo. Zimafewetsa masamba msanga koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B.

Tenderani ndi nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono. Thupi silitha kutenga bwino vitamini A wa m'masamba popanda mafuta. Choncho chisoso chotendera n'chopindulitsa kuposa chongowiritsa ndi mchere, ndipo kwa anthu a ku Mchinji mtedza si wosowa.

Ayironi wa m'masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama kapena m'nsomba. Vitamini C amathandiza kuti alowe, choncho thirani tomato, ndipo mukatha kudya idyani gwafa, mango, lalanje kapena malambe. Usipa kapena bonya pambali zimathandizanso. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi. Ngati ndinu womwa tiyi, dikirani ola limodzi kapena awiri mutadya.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere lokha basi, osamupatsa madzi a masamba kapena a zitsamba. Akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, mutha kupota masamba ophika bwino n'kuthira m'phala lake pamodzi ndi nsinjiro. Musamupatse msuzi wokha, chifukwa zambiri zofunika zimatsalira m'masambamo.

Mfutso wa m'chilimwe

Makolo athu ankadziwa kuti masamba a dzinja satha chaka. Ankafutsa n'kusunga m'zikwatu kuti adzadye m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Njirayi ndi yothandiza mpaka lero, makamaka kwa amene alibe dimba.

Viikani masamba m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, kenako yanikani pa mphasa kapena pa thandala loyera, pamwamba pamene nkhuku, mbuzi ndi fumbi sizifika. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga michere yopanga vitamini A kuposa kuyanika padzuwa lamphamvu. Mfutso ukauma mpaka kumafumbutuka m'manja, sungani m'chikwatu, m'chigubu kapena m'ndowa yotseka bwino, pamalo ouma. Ukachita nkhungu, tayani. Mutha kusinjanso mfutso kukhala ufa n'kumathira supuni imodzi m'phala la mwana.

Malo amene simuyenera kuthyola

Kale mayi ankalowa m'munda uliwonse n'kuthyola ndiwo popanda nkhawa. Lero zinthu zasintha chifukwa alimi ambiri akupopera mankhwala.

Choyamba ndi mankhwala opha udzu, monga Roundup. Chisoso chopoperedwa sichiuma tsiku lomwelo. Chimatha kukhala masiku angapo chikuonekabe chobiriwira mankhwala ali kale m'kati mwake, ndipo kutsuka sikungawachotse. Chachiwiri ndi mankhwala opha mbozi. Chibwerereni mbozi zowononga chimanga m'nyengo ya 2016/17, alimi ambiri amapopera chimanga chawo, ndipo mankhwalawo amagwera pa masamba omera pansi pake. M'minda ya fodya, m'manazale ndi m'madimba a tomato namonso mumathiridwa mankhwala amphamvu.

Musathyole m'munda umene si wanu musanafunse mwini wake ngati anapopera. Ngati ndinu wopopera, uzani a pabanja panu ndi oyandikana nawo, ndipo werengani pa botolo masiku amene ayenera kudutsa musanakolole. Pewani mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina kapena malangizo. M'dziko muno mankhwala a mbewu amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board. Alimi ena amasiya kachigawo ka munda kosapopera kuti azithyolapo ndiwo, ndipo imeneyi ndi nzeru yabwino. Dziwaninso kuti kudalira mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka kuli ndi mapeto ake. Ku Brazil, m'minda ya soya, chisoso chinayamba kupirira mankhwala ena opha udzu m'zaka za m'ma 1990.

Ngati wina wayamba kusanza, kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kapena kubanika atadya masamba okayikitsa, pitani naye kuchipatala msanga. Musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka. Ngati botolo la mankhwalawo likupezeka, litengeni kuti achipatala alione.

Malo ena oti mupewe ndi pafupi ndi chimbudzi, m'ngalande za madzi oipa ndi m'tchire mmene anthu amadzithandizira. Masamba a pamenepa amatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kufunika kotsuka ndi kuphika bwino chakudya. Pewaninso padzala, pamagalaja ndi m'mphepete mwenimweni mwa misewu yodutsa magalimoto ambiri, monga wochokera ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mchinji. Asayansi anapeza kuti chisoso chimayamwa zitsulo zapoizoni za m'dothi, makamaka cadmium, amene amapezeka m'mabatire ena otayidwa, ndipo kuphika sikuchotsa zitsulo zimenezi.

Mukamagula pamsika, funsani wogulitsa kumene anathyola. Masamba opiringizika modabwitsa, achikasu kunsonga kapena onunkha mankhwala asiyeni.

Kodi chisoso ndi mankhwala?

M'mayiko ambiri a mu Africa, Asia ndi America anthu akhala akugwiritsa ntchito chisoso pa zilonda, m'mimba, chifuwa ndi shuga. Asayansi anachita nacho chidwi ndipo anapezamo zinthu zina zogwira ntchito m'thupi. Mwachitsanzo, ofufuza a ku Taiwan anapezamo chinthu chotchedwa cytopiloyne, chimene chinatsitsa shuga m'magazi a mbewa zoyesera.

Koma mbewa si munthu. Kafukufuku wambiri wa chisoso anachitikira m'malabotale ndi pa nyama, ndipo chisoso si mankhwala ovomerezeka a shuga, kuthamanga kwa magazi, malungo, khansa kapena HIV. Mphamvu ya tiyi wa chisoso imasiyananso malinga ndi dothi, msinkhu wa chomera ndi kawiritsidwe, choncho amene akukuuzani mlingo wake akungoganizira.

Ngati muli ndi shuga kapena BP, masamba ndi chakudya chabwino kwa inu, makamaka mukachepetsa mchere ndi kukula kwa ntanda za nsima. Idyani chisoso ngati ndiwo, koma musasiye mankhwala a kuchipatala. Matenda awiriwa amatha kuwononga impso, maso ndi mtima mwakachetechete munthu akudzimva kuti ali bwino. Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB asalumphitse ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha zitsamba. Ngati mukumwa madzi owiritsa a zitsamba zilizonse, auzeni achipatala, chifukwa zina zimasokoneza mankhwala, ndipo kwa wodwala shuga zitha kutsitsa shuga mopitirira.

Pa nkhani ya magazi, ndi zoona kuti chisoso chili ndi ayironi, koma kuchepa kwa magazi kumabweranso ndi malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kutaya magazi ambiri posamba ndi matenda ena obadwa nawo. Munthu amene manja ndi m'zikope mwayera, akuchita chizungulire, akupuma mwawefuwefu kapena mtima ukugunda kwambiri ayezedwe magazi. Mayi woyembekezera adye masamba, koma apitirize kumwa mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo, ndipo apewe madzi owiritsa a zitsamba.

Pa chilonda, musamatepo masamba otafuna kapena ofikisa. Dothi limene lili pa masambawo litha kulowetsa tizilombo, kuphatikizapo toyambitsa kafumbata. Tsukani chilonda ndi sopo ndi madzi aukhondo, mangani ndi nsalu yoyera, ndipo ngati ndi chakuya pitani kuchipatala. M'maso ndi m'makutu musadonthezeremo madzi a chomera chilichonse. Anthu ena anachita khungu chifukwa cha zimenezi.

Amene ayenera kusamala

Anthu ambiri atha kudya chisoso ndi masamba ena a m'munda popanda vuto. Komabe, ngati muli ndi matenda a impso, funsani dokotala kuchuluka kwa masamba amene mungadye, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa mchere wina wa m'masamba wotchedwa potaziyamu. Ngati munadwalapo timiyala ta mu impso, chepetsani bonongwe ndipo muzimwa madzi ambiri. Ngati mukumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene mumadya, chifukwa vitamini K wa m'masamba amasintha mphamvu ya mankhwalawa. Ndipo ngati khungu lanu limayabwa kapena kutuluka nsungu mukakhudza chisoso kapena mpendadzuwa, chipeweni.

Ntchito zina pakhomo

Chisoso chimene simunadye musachiotche. Akalulu, mbira, nkhuku ndi mbuzi zimachidya, bola chikhale chosapoperedwa. Njuchi zimakonda maluwa ake. Chozulidwa chisanabale njere chimawola bwino m'dzenje la manyowa, koma chokhala ndi njere chimangobwezera udzu m'munda. Ngati muli ndi dimba, mutha kusiya bedi limodzi la chisoso ndi bonongwe n'kumathyola nsonga pafupipafupi kuti zizichita nthambi. M'misika ya m'tauni masamba amenewa amagulitsidwa pamulu, ndipo ogula alipo.

Mukakhala ndi funso pa za kadyedwe kapena mankhwala amene mukumwa, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kapena imbani Chipatala Cha Pa Foni. Pa za mankhwala a m'munda, mlangizi wa zaulimi ndi amene angakuuzeni masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo.